Mng'alu ndi chivomerezi: chimayamba n'chiti, ndipo omanga nyumba kumudzi adziwe chiyani?

Bambo wina amene amakhala ku Mufakose kuno ku Harare, koma kumudzi kwawo ndi kufupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza ku Malawi, anditumizira kalata ya pa imelo yokhala ndi mafunso okhudza zivomerezi. Iwo akuti akhala akutumiza ndalama kumudzi kuti abale awamangire nyumba ya njerwa zootcha yoti akakhalemo akadzapuma pa ntchito, ndipo posachedwapa mng'ono wawo wawauza kuti anamva pa wailesi zoti m'dera lawolo mumadutsa mng'alu waukulu wa pansi pa nthaka umene ungadzetse chivomerezi choopsa. Akufuna kudziwa ngati mng'alu ndi umene umabweretsa chivomerezi, kapena chivomerezi ndicho chimang'amba nthaka. Akudabwanso kuti zinatheka bwanji kuti chivomerezi cha ku Mozambique cha mu 2006 chiwadzutse pakati pa usiku kuno ku Harare, kumene sanamvepo zoti kuli mng'alu. Awonjezera kuti akuluakulu a kumudzi kwawo amati chivomerezi chimadza ndi mvula kapena ndi kukwera kwa madzi a m'nyanja, ndipo akufunsa ngati n'kwanzeru kupitiriza kumanga.

Bambo, zikomo kwambiri chifukwa cha kalata yanu. Ndiyamba ndi funso loyambalo popeza enawo atsamira pa ilo. Choyamba kukhalapo ndi mng'alu, ndipo kawirikawiri umakhala kuti wakhalapo kwa zaka zikwi zambiri, mwinanso mamiliyoni, chivomerezi chimene anthu achimva lero chisanachitike. Mng'alu wamtunduwu, umene akatswiri a miyala amautcha fault, si dzenje loyasama limene munthu kapena ng'ombe ingagweremo. Ndi malo amene thanthwe la pansi linathyoka n'kukhala mbali ziwiri, ndipo mbali ziwirizo zimakhala zopanikizana kolimba chifukwa cha kulemera kwa miyala yonse imene ili pamwamba pake, moti pakati pake pamangopezeka miyala yoperedwa mpaka kusanduka fumbi ndi dongo. Chimene chimasiyanitsa mng'alu wotere ndi mng'alu wamba wa m'mwala n'chakuti mbali zakezo zinasunthapo, ina kutsika ina kukwera, kapena ina kulowera kumpoto ina kumwera, ndipo ngati mphamvu imene inazisuntha ikadalipo, zidzasunthanso. Chivomerezi ndi kunjenjemera kumene kumafalikira m'matanthwe pamene kusunthako kwachitika mwadzidzidzi. Timing'alu timene anthu amationa pabwalo, mumsewu kapena m'munda chivomerezi chitadutsa, tambiri timangobwera ndi kugwedezekako, makamaka pa dothi lofewa, ndipo n'chifukwa chake munthu woona ndi maso amaganiza kuti chivomerezi ndicho chang'amba nthaka.

Chimene chimakankha matanthwewo chili m'kapangidwe ka dziko lonse lapansi. Gawo lake lolimba la pamwamba si limodzi lathunthu, koma linagawika m'zidutswa zikuluzikulu zimene zanyamula maiko ndi nyanja zamchere zomwe. Pansi pa zidutswazo pali miyala yotentha kwambiri, imene si yamadzi monga ambiri amaganizira, komabe chifukwa cha kutenthako imatha kupindika ndi kuyenda pang'onopang'ono, ndipo zidutswa za pamwambazo zimasuntha masentimita ochepa pa chaka. Kwina zidutswa ziwiri zimagundana, chimodzi n'kumalowa pansi pa chinzake, ndipo kumeneko n'kumene kumachitika zivomerezi zazikulu kuposa zonse, monga cha ku Chile cha mu 1960 chimene chinafika pa 9.5 pa mlingo woyezera kukula kwa zivomerezi, ndi cha ku Japan cha mu 2011. Kwina zimakhulana cham'mbali, monga pa mng'alu wa San Andreas ku California, kapena pa mng'alu wa East Anatolian umene unasuntha pa 6 Febuluwale 2023 n'kuphetsa anthu oposa 50,000 ku Turkey ndi ku Syria. Kwathu kuno nkhani ndi yamtundu wachitatu, chifukwa zidutswa zathu sizikugundana koma zikutalikirana.

Mbali ya kum'mawa ya Africa ikupatukana ndi mbali yaikulu ya kumadzulo, ndipo mzere wa kupatukanako ndiwo chigwa chachikulu chimene chimayambira ku Afar m'dziko la Ethiopia. Nthambi yake imodzi imadutsa ku Kenya, pamene ya kumadzulo imatsata nyanja za Albert, Kivu, Tanganyika ndi Rukwa, n'kulowa m'nyanja ya Malawi, kutsika ndi chigwa cha Shire mpaka kukafika pakati pa Mozambique. Thanthwe likamakokedwa mbali ziwiri chotere, limathyoka mopendekeka, ndipo mbali imene ili pamwamba pa kupendekako imatsetserekera pansi. Nyanja ya Malawi ili m'chigawo chimene chakhala chikutsika motero kwa zaka mamiliyoni angapo. Pamwamba pa madzi ake pali mamita pafupifupi 470 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, koma kumpoto nyanjayi ndi yakuya mamita pafupifupi 700, kutanthauza kuti pansi pake patsika kuposa mlingo wa nyanja ya ku Beira. Mtsinje sungakumbe dzenje lotsika kuposa nyanja imene ukuthiramo; nthaka ndiyo inatsika yokha. Inu, Bambo, umboni wake mumaudziwa bwino kuposa ine. Mukamatsika phiri la Khwekhwerere kupita ku Golomoti, makutu akutsekeka ndipo kuzizira kwa ku Dedza kukusanduka kutentha kwa kunyanja, mumakhala mukuchoka pa mbali imene inatsala pamwamba n'kumapita pa mbali imene inatsika. Kutsikako sikunachitike tsiku limodzi, koma mita imodzi kapena awiri pa chivomerezi chilichonse chachikulu, kubwerezabwereza kosawerengeka.

Tsono ngati mbali ziwirizo zikutalikirana chaka ndi chaka osaima, n'chifukwa chiyani nthaka sigwedezeka tsiku ndi tsiku? Apa mpamene pagona nkhani yonse. Mangani mphira wa chubu cha njinga ku thumba la chimanga limene lili pansi, pamwamba pa simenti, ndiye muyambe kukoka pang'onopang'ono. Dzanja lanu likuyenda, koma thumba silisuntha chifukwa lakakamira pansi; mphira ndiwo ukungotanuka n'kumasunga mphamvu yonse imene mukuikamo. Ikakwana nthawi yoti mphamvu ya mphirayo yaposa kukakamira kwa thumba, thumbalo limadumpha kamodzin'kamodzi, mphira n'kubwerera, thumba n'kuimanso, ndipo mukapitiriza kukoka zonsezi zimayambiranso. Dzanja ndilo kuyenda kwa zidutswa za dziko, kukakamira kwa thumba ndiko kupanikizana kwa mbali ziwiri za mng'alu, ndipo mphira ndi thanthwe lenilenilo, pakuti ngakhale mwala umaoneka wouma gwa, thanthwe lotalika makilomita makumi angapo limatha kupindika pang'ono n'kusunga mphamvu yochuluka zedi.

Amene anafotokoza zimenezi momveka koyamba ndi Harry Fielding Reid wa ku yunivesite ya Johns Hopkins, pambuyo pa chivomerezi chimene chinawononga mzinda wa San Francisco pa 18 Epulo 1906. Mipanda ndi misewu imene inkadutsa pa mng'alu wa San Andreas inapezeka itaduka, mbali imodzi itasuntha cham'mbali mpaka mamita pafupifupi 6 m'malo ena. Reid anayerekezera miyeso ya malo imene anthu oyeza nthaka anatenga zaka makumi angapo m'mbuyomo ndi imene anatenga chivomerezi chitachitika, ndipo anaona kuti malo akutali ndi mng'alu anali akusuntha kale pang'onopang'ono, pamene malo a pamng'alu penipeni anali atakakamira mpaka tsiku limene anadumpha n'kuwapeza anzawowo. Anasindikiza maganizo akewo mu 1910. Masiku ano akatswiri amazika zipangizo za GPS pa matanthwe n'kumaona kupindikako kukuchitika chaka ndi chaka, ndipo zimene amapeza zikugwirizana ndi zimene iye ananena.

Kusunthako sikuchitika pa mng'alu wonse nthawi imodzi. Kumayambira pamalo amodzi pansi, pamene kukakamira kwagonja poyamba, kenako kumathamanga motsata mng'alu pa liwiro la makilomita awiri kapena atatu pa sekondi mpaka kukafika pamene mng'alu wakhota, wathera, kapena wagwirana kolimba kwambiri. Kukula kwa chivomerezi kumadalira kukula kwa chigawo chimene chasuntha ndi kutalika kwa mtunda umene chasuntha. Kachigawo kakang'ono kakasuntha masentimita ochepa, mumangomva mawindo akunjenjemera, mbale zikulira m'kabati. Chigawo cha makilomita makumi angapo chikasuntha mita yathunthu, nyumba zimagwa. Manambala amene mumawamva pa wailesi amanyenga munthu amene sanawazolowere, chifukwa kuchoka pa 5 kufika pa 6 si kuwonjezera pang'ono. Nambala ikakwera ndi imodzi, mphamvu imachuluka pafupifupi maulendo 32, ndipo ikakwera ndi ziwiri imachuluka maulendo 1,000. Choncho zimene ena amanena, zoti tizivomerezi ting'onoting'ono timathandiza pochotsa mphamvu pang'onopang'ono kuti chachikulu chisabwere, n'zongodzitonthoza. Pangafunike zivomerezi 1,000 za mlingo wa 5 kuti zifanane ndi chimodzi cha mlingo wa 7.

Pali chinthu china chokhudza dera lathu chimene ndimaona kuti anthu sachimvetsa, ndipo ndikufuna muchisunge. Chigwa cha Malawi chikutseguka mochedwa kwambiri, mamilimita ochepa chabe pa chaka, ndipo kumwera kwa nyanja n'kochedwa kuposa kumpoto. Kuchedwako sikuchepetsa kukula kwa chivomerezi chimene mng'alu wautali ungabweretse, kumangotalikitsa nthawi yodikira. Tiwerengere limodzi: ngati mng'alu ukukokedwa milimita imodzi pa chaka, ndipo umadumpha mamita awiri ukagonja, ndiye kuti pakati pa chivomerezi chachikulu ndi chinzake pamadutsa zaka 2,000. Palibe agogo amene angakumbukire zimenezo, ndipo zipangizo zoyezera zivomerezi zangokhalapo kwa zaka zopitirira pang'ono 100. Motero mawu akuti “kuno sikunachitikepo” ndi oona pa zimene mudzi ukukumbukira, koma sanena kanthu za zimene thanthwe lasunga.

Tibwere ku usiku umene munadzidzimuka kutulo uja. Chivomerezicho chinachitika nthawi itangopitirira 12 koloko usiku, kucha kwa pa 23 Febuluwale 2006, m'boma la Machaze m'chigawo cha Manica ku Mozambique, kumene ndi kumapeto a kumwera kwa chigwa chomwe chija. Chinali cha mlingo wa 7.0, ndipo kumeneko mng'alu unatulukira pamtunda, mbali imodzi itatsika mpaka mamita awiri m'malo ena. Kuchokera ku Machaze kufika ku Harare ndi makilomita oposa 400, ndipo chimene chinafika kuno si mng'alu koma mafunde oyenda m'thanthwe. Mafunde oyamba amakankha ndi kukoka thanthwe motsata kumene akupita, ndipo amathamanga makilomita 6 kapena kuposa pa sekondi, moti anafika kuno patangotha pafupifupi mphindi imodzi. Achiwiri amagwedeza thanthwe cham'mbali, amayenda makilomita pafupifupi 3.5 pa sekondi, ndipo ndi amphamvu kuposa oyambawo. Pambuyo pake pamabwera mafunde oyenda pamwamba pa nthaka amene amayendetsa nyumba uku ndi uku. N'chifukwa chake ambiri amasimba kuti anayamba kumva kulindima kapena kugogoda kwa mawindo, kenako bedi n'kuyamba kuyenda. Kusiyana kwa nthawi pakati pa mafunde oyamba ndi achiwiri n'kumene akatswiri amagwiritsa ntchito podziwa kutalika kwa kumene chivomerezi chachokera, ndipo akaphatikiza zimene malo atatu kapena kuposa ajambula, amaloza pamalo penipeni. Kuno ku Zimbabwe ntchito imeneyi imachitikira ku Goetz Observatory mumzinda wa Bulawayo, pansi pa nthambi ya boma yoona zanyengo.

Harare wakhala pa thanthwe lakale kwambiri, la zaka zoposa 2.5 biliyoni, lomwe lija timaliona pa miyala yosanjikizana ya ku Epworth ndi pa Domboshava. Thanthwe lotere ndi lozizira, lolimba ndiponso losasweka kwambiri, choncho zivomerezi zoyambira pansi pa mzinda uno n'zosowa. Koma kulimba komweko kumachititsa kuti mafunde ochokera kutali ayende mtunda wautali asanafooke, ndipo ndicho chifukwa chake cha ku Machaze chinamveka mpaka ku Johannesburg ndi ku Durban. Mumzinda momwemo anthu samva mofanana. Amene ali pamwamba m'nyumba zosanja za m'tauni amagwedezeka kuposa amene ali pansi, ndipo nyumba yomangidwa pa dambo imagwedezeka kuposa yomangidwa pa mwala, chifukwa mafunde akalowa m'dothi lofewa amachedwa n'kukula. Ndikamaona mmene madambo a mumzinda uno akudzazidwira ndi nyumba, ndimaona kuti pa zifukwa zokanira mchitidwewu, zimene zilipo kale zambiri, ichi n'chowonjezera. Ngakhale thanthwe lakale lili ndi ming'alu yake yogona imene nthawi zina imadzuka: pa 3 Epulo 2017 chivomerezi cha mlingo wa 6.5 chinachitika pakati pa Botswana, kutali ndi chigwa chachikulu chija. Komabe madera a Zimbabwe amene amagwedezeka kawirikawiri ndi a kumalire a kum'mawa, monga ku Chipinge kumene kunamveka cha mlingo wa 5.5 pa 22 Disembala 2018, komanso chigwa cha Zambezi.

Zimene mng'ono wanu anamva pa wailesi n'zoona. Mng'aluwo umatchedwa Bilila-Mtakataka, ndipo ndi wautali makilomita pafupifupi 100, kuchokera cha ku Balaka, kudutsa kunsi kwa mapiri a Ntcheu mpaka kudera la Mtakataka. Umaoneka pamtunda ngati chitunda chotsetsereka chimene m'malo ena chimatalika mamita 10 kapena kuposa. Amene anaudziwitsa kwambiri kwa akatswiri anzawo mu 1997 ndi James Jackson wa ku Cambridge ndi Tom Blenkinsop, amene panthawiyo ankaphunzitsa pa University of Zimbabwe ku Mount Pleasant kuno. Mfundo yawo inali yakuti ku Malawi thanthwe limakhala lozizira ndi lothyoka mpaka makilomita 30 kapena kuposa kupita pansi, pamene m'madera ambiri a dziko lapansi likafika makilomita 15 limakhala litatentha moti limangopindika osathyoka. Mng'alu wautali umene ulinso wozama umakhala ndi chigawo chachikulu choti chisunthe, ndipo ukati usunthe wonse nthawi imodzi chivomerezi chake chingapitirire mlingo wa 7.5. Akatswiri amene abwera pambuyo pawo apeza kuti mng'aluwu uli m'zigawo zingapo zimene zingathenso kusuntha chilichonse pachokha, n'kubweretsa zivomerezi zocheperapo.

Komatu musamange nzeru zanu zonse pa mng'alu umodzi wodziwikawo. Chivomerezi cha ku Salima cha pa 10 Malichi 1989, chimene anthu a kwanu achikulire amachikumbukira, chinali cha mlingo wongopitirira 6, chinayambira pansi makilomita pafupifupi 30, ndipo chinapha anthu 9 n'kusiya anthu pafupifupi 50,000 opanda pokhala. Za ku Karonga za mu Disembala 2009 n'zophunzitsa kwambiri. Mng'alu waukulu wa kumpoto kwa nyanja ndi wa Livingstone, umene uli tsidya la Tanzania kunsi kwa mapiri aja amaoneka mukaima pagombe la Karonga. Koma umene unasuntha si umenewo. Inali ming'alu yaing'ono ya pansi pa chigwa cha Karonga chenichenicho, yokwiririka ndi mchenga ndi dothi, imene sinkadziwika bwino kufikira itasuntha. Zivomerezizo zinayamba pa 6 Disembala, zinapitirira kwa masabata, ndipo chachikulu, cha mlingo wa 6.0, chinabwera usiku wa pa 19 kucha kwa pa 20 Disembala anthu ena atayamba kuganiza kuti zatha. Anthu anayi anamwalira ndipo nyumba zikwi zingapo zinagwa kapena kung'ambika. Chigawo chimodzi cha mng'alu chikasuntha, chimasenzetsa katundu wake zigawo zoyandikana nacho, ndipo n'chifukwa chake zivomerezi zimakonda kubwera motsatizana. Kawirikawiri zotsatirazo zimakhala zocheperapo, koma ku Karonga sizinatero.

Akuluakulu amene amati chivomerezi chimadza ndi mvula sindingawaseke, chifukwa ali ndi poyambira. Cha ku Salima chinachitika mu Malichi, za ku Karonga mu Disembala, cha ku Machaze mu Febuluwale, ndipo yonseyi ndi miyezi ya dzinja. Ndiponso nyumba ya matope ikanyowa imagwa msanga, moti chivomerezi cha m'dzinja chimasiya mbiri yaikulu kuposa cha m'chilimwe. Koma cha ku Bukoba ku Tanzania chinachitika pa 10 Sepitembala 2016, ndipo zivomerezi za padziko lonse zikaikidwa pamodzi sizisankha nyengo. Mvula imanyowetsa nthaka ya pamwamba, pamene mphamvu ya chivomerezi imasungidwa makilomita 10, 20 kapena 30 pansi. Madzi sangapange mphamvuyo. Chimene angathe, akakhala ochuluka kwambiri, n'kufulumizitsa tsiku la mng'alu umene unali kale pafupi kugonja, ndipo chitsanzo chodziwika padziko lonse chili kwathu konkuno. Khoma la Kariba linatha kumangidwa mu 1959, ndipo pamene nyanjayo inkadzaza, zivomerezi zinayamba kuchuluka m'chigwa cha Zambezi mpaka mu Sepitembala 1963, chaka chimene inadzaza, kunachitika zingapo zazikulu, china cha mlingo wa pafupifupi 6. Madzi olemera matani pafupifupi 180 biliyoni anapsinja nthaka, ndiponso analowerera m'ming'alu yakale n'kuchepetsa kupanikizana kwa mbali zake. Ming'aluyo inalipo damu lisanamangidwe, ndipo mpaka lero anthu a ku Kariba ndi ku Binga amamva kugwedezeka nthawi ndi nthawi. Migodi yakuya nayo imachita zofanana pochotsa thanthwe limene linkachirikiza linzake. Agogo athu amene anagwira ntchito m'migodi ya golide ya ku South Africa ankazidziwa zimenezi, ndipo pa 5 Ogasiti 2014 dera la migodi la Orkney linagwedezeka ndi chivomerezi cha mlingo wa 5.5.

Za tsiku limene mng'alu udzasunthe, palibe katswiri aliyense padziko lapansi amene angalitchule. Amatha kunena kuti dera lakuti lili pa chiopsezo chachikulu kuposa lakuti, koma osati mwezi kapena chaka. Choncho uthenga wa pa WhatsApp wonena kuti chivomerezi chibwera usiku uno nthawi yakuti, anthu agone panja, ndi wabodza ngakhale utanamizira dzina la bungwe lotchuka, ndipo musautumize kumudzi.

Nyumba pitirizani kumanga. Malawi yense ali m'chigwachi kapena m'mphepete mwake, ndipo kusamukira boma lina sikukuchotsani pa ming'alu. Chimene chili m'manja mwanu ndi kamangidwe. Chivomerezi cha ku Machaze ndi cha ku Haiti cha pa 12 Januwale 2010 zinali za mlingo wofanana, 7.0. Cha ku Machaze chinapha anthu anayi, chifukwa chinachitika kumalo kumene anthu ndi otalikirana ndipo nyumba zambiri n'zopepuka, za mitengo ndi udzu. Cha ku Haiti chinachitika pafupi ndi mzinda wa Port-au-Prince wodzaza nyumba zolemera za konkire zomangidwa mosasamala, ndipo chinapha anthu oposa 100,000. Apa pali chinthu chowawa kwa ife amene timagwira ntchito kunja n'cholinga choti tikachotse makolo m'nyumba yaudzu: nyumba ya njerwa yomangidwa mopanda luso ndi yoopsa pa chivomerezi kuposa ya mitengo ndi udzu imene tikuithawayo. Khoma la njerwa limapirira katundu wolipsinja kuchokera pamwamba, koma n'lofooka likakankhidwa cham'mbali, ndipo chivomerezi chimakankha cham'mbali.

Poyamba yang'anani malo. Pewani dambo, mchenga wa m'mbali mwa mtsinje kumene madzi ali pafupi, ndi kunsi kwa chitunda chimene miyala ingagubuduke. Mchenga wonyowa ukagwedezeka umatha kufewa n'kuchita ngati madzi, maziko n'kumira, ndipo zimenezi zinaoneka ku Machaze ndi ku Karonga komwe. Njerwa zimangidwe ndi simenti ndi mchenga m'malo mwa matope, ndipo ngati ndalama zachepa, ndi bwino kuchepetsa zipinda kusiyana n'kuchepetsa simenti. Makoma akunja akhale a njerwa ziwiri m'lifupi, alumane bwino pa ngodya ndi pamene khoma lamkati likukumana ndi lakunja, ndipo mmisiri aziyala waya wolimbitsa khoma, wotchedwa bulikifosi, pakadutsa mizere ingapo ya njerwa. Zitseko ndi mawindo zisayandikire ngodya, ndipo zisakule mpaka khoma kutsala timizati. Khoma la gebulo, lija limakwera mosongoka kukafika pa msonga ya denga, ndilo limayamba kugwa chifukwa ndi lalitali ndipo palibe chimaligwira, choncho denga lotsetsereka mbali zonse zinayi ndi labwino kuposa la gebulo, ndipo ngati gebulo simungaipewe imangiriridwe ku mitengo ya denga. Mizati ya pakhonde ya njerwa zokhazokha nayo imagwa msanga ngati mulibe chitsulo mkati. Boma la Malawi linatulutsa malangizo a kamangidwe kotetezeka pambuyo pa zivomerezi za ku Karonga, ndipo mng'ono wanu angathe kukafunsa za malangizowo ku khonsolo ya boma.

Choposa zonsezi ndi lamba wa konkire wokhala ndi zitsulo, amene amisiri amamutcha ring beam, wozungulira nyumba yonse pamwamba pa mawindo ndi zitseko, kuphatikizapo makoma amkati. Ndiye amagwira makoma onse kuti ayende pamodzi m'malo moti lililonse ligwere kwake. Amisiri ena pofuna kupulumutsa zitsulo amangoika lintala pamwamba pa chitseko ndi pawindo paokhapaokha, n'kumuuza mwini nyumba amene ali kutali kuti lamba waikidwa. Ena amaika zitsulo zowongoka zimene zimangothera pa ngodya popanda kupindidwa kuti zilowe m'khoma linalo, ndipo lamba wotere amaduka pamalo pomwe ankafunika kwambiri. Popeza inu muli kuno ku Harare, muuzeni mng'ono wanu kuti ajambule zitsulozo pa ngodya zonse ndi pamene makoma akumana, akutumizireni zithunzizo, ndipo konkire isathiridwe kufikira mutaziona.